Masamba a Kanyimbi Pamsewu

Padangokhala. Tili tonse, ndipo wochedwa atipeza kutsogolo.

Panali Nungu, mayi wa ana ambiri amene sankadziwa kukhala pansi. Dzuwa linkamupeza kudimba, ndi kumusiya komweko. Chaka china dzuwalo linakwiya, mbatata yake yonse inapserera mpaka mbewu yomwe. Nthumbira anaunda, madzi m'chitsime analimo, koma chobzala panalibe. Ndiye anamva kuti mchemwali wake, amene anakwatiwa kutali kuchigwa, ali ndi kholowa wa mitsempha yofiirira, wa mbatata yobereka msanga. Nungu anati, "Ndikatenga."

Ulendowo unali wogona m'njira. Njinga Nungu anali nayo, koma pampu analibe. Pampu inali kwa msuweni wake Kanyimbi, mnzake wa kuubwana, woyambitsa nyimbo m'kwaya ya m'mudzimo, amene sankatuluka m'nyumba wopanda chipewa.

"Asuweni, ndibwerekeni pampu."

"Pampu yanga siyenda yokha," anatero Kanyimbi. "Komanso mayi yekhayekha ulendo wonsewo? Anthu adzati ine ndine msuweni wamtundu wanji? Tipitira limodzi. Tizipalasa mosinthana: mlatho uwu inu, mlatho winawo ine."

Nungu anavomera. Koma atangotuluka m'mudzi, Kanyimbi anatuluka chithupsa pamalo osatchulika, chithupsa chodabwitsa, chokana chishalo koma cholola kaliyala. Nungu anapalasa yekha mpaka kukafika. Kwa mchemwali kuja chithupsacho chinkapola nthawi ya chakudya. Pobwerera chinayambiranso.

Tsiku lomaliza la ulendo, m'mawa, Nungu anavundukula chiguduli chimene anakutira mtolo wa kholowa pa handulo. Masamba anali atayamba kugwetsa makutu. Anadziwa kuti mbewuyo ikapanda kulowa m'dothi tsiku lomwelo, ndiye kuti wayenda mtunda wonsewo kukanyamula zinyalala, ndipo ana ake adzadya mphepo.

"Asuweni," anatero, "ndionetseni chithupsacho."

"Aa! Pamsewu pano, asuweni?"

"Ndiye kuti chapola. Lero mupalasa. Miyendo yanga yatha, ndipo tikamayenda ngati dzulo kholowayu afera m'njira."

"Ine kukana ntchito? Mundiona lero. Yambani inu, mlatho woyamba ndi wanga."

Nungu anapalasa mpaka pamlatho woyamba. Tsono mukudziwa kuti mtsinje suyenda pamwamba pa phiri: ukawoloka mlatho, chitunda chikukudikira. Kanyimbi anachiyang'ana chitundacho, chitundacho chinamuyang'ana.

"Tatsikirani kumadzi munyowetse chiguduli, asuweni. Ine ndikuonerani njinga."

Nungu anatsetserekera kumtsinje. Kanyimbi anathamangira kuseri kwa kona, n'kuthyola nthambi za mango, n'kuziyala modutsa msewu, n'kubwerera kudzatsamira njinga akuimba mluzu. Nungu atabwera anakutira mtolo wake, n'kukhala pa kaliyala kwa nthawi yoyamba chiyambire ulendo. Anatambasula miyendo. Anamva mawondo ake akuthokoza. Kanyimbi anapalasa kanayi kapena kasanu, kenako buleki, tswii!

"Kalanga ine! Asuweni, pagwa zovuta."

Mwambo wake mukuudziwa. Masamba akagona pamsewu ndiye kuti pamudzipo pali maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo palibe wokweranso mpaka atadutsa masamba achiwiri.

Nungu anatsika. Kanyimbi anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Nanga njinga agwira ndani?" anafunsa Nungu.

"Asuweni, manja anga ali ndi chipewa. Mukufuna ndidutse pamaliro a eni ngati mwana wosalangizidwa?"

Nungu anagwira handulo n'kuyamba kukankha. Kanyimbi anatsogola, mutu atapendeketsa, n'kuyambitsa nyimbo yachisoni. Inali yonena za mlendo amene katundu wamulemera panjira, ndipo akupempha abale kuti amunyamulire mpaka pamwamba. Iye ankayambitsa ndi mawu okoma ngati uchi, Nungu ankavomera ndi kampweya kamene kanatsala. Anakankha, anakankha, thukuta lili kamukamu.

Atafika pamwamba, Kanyimbi anavala chipewa.

"Masamba achiwiri ali kuti?" anatero Nungu, ali wefuwefu.

"Ana a Mbuzi adya. Ana opanda mwambo amenewo! Kwerani, asuweni, gawo langa ndimalize."

Anakwera. Kuchokera pamenepo unali mtsetse wokhawokha. Kanyimbi anangoyika mapazi pa mapedulo, mphepo ikumupepesa, belu akuliza ngiringiri, mpaka pamlatho wachiwiri.

"Langa latha. Eee, koma kupalasa n'kowawa! Lanu tsopano."

Pa chitunda cha Nungu sipanafe munthu. Anaima pa mapedulo, tcheni ikulira, Kanyimbi ali phee pa kaliyala akutafuna nzimbe ndi kupereka malangizo.

"Pondani ndi chidendene, asuweni. Ndipo mingayi muigoneke, ikundibaya pamphuno."

Nungu anagoneka minga yake, koma mumtima inali itaima.

Pamlatho wachitatu Nungu anatsikiranso kumadzi ndi chiguduli chake. Anabwera, anakhala pa kaliyala, Kanyimbi anapalasa pang'ono, tswii!

"Mayo ine! Imfa yachuluka chaka chino."

"Penanso?"

"Onani nokha."

Masamba analipodi. Chipewa pachifuwa, nyimbo ija inayambanso, mlendo yemwe uja ndi katundu wake yemwe uja. Nungu anakankha. Pakati pa chitunda anaima n'kutchera khutu.

"Asuweni, maliro anji opanda wolira? Utsi sindikuuona, amayi sindikuwaona."

"Onse ali kumanda. Vomerani nyimbo, mukuchititsa manyazi banja lathu."

"Nanga masamba achiwiri? Mbuzi zadyanso?"

"Kuno ndi mphepo. Simunaimve?"

Nungu sanaimve mphepo iliyonse. Chimene anamva ndi msana. Koma ndani angakwere njinga pamaliro chifukwa chongokayika? Ukalakwitsa, udzayenda ndi dzina loipa mpaka kukalamba. Anakankha mpaka pamwamba, anakhala pa kaliyala, anatsetsereka. Chitunda chotsatira chinali chake, ndipo kumeneko anthu onse anali moyo ndithu.

Pamene ankafika pamlatho wachisanu dzuwa linali litapendeka. Kutsogolo kwake kunali chitunda chachikulu kuposa zonse, chomaliza, ndipo kuseri kwake unali mtsetse wokafika kwawo. Gawolo linali la Kanyimbi.

Nungu anatsikira kumadzi. Kanyimbi anathamangira kuseri kwa kona monga mwa nthawi zonse, koma anapeza kuti kumeneko kunadutsa moto wolusa. Tsamba laliwisi panalibe ngakhale limodzi. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anayang'ana chitunda. Kenako anayang'ana mtolo wa kholowa uli pa handulo wosavundikira. Anasolola wodzaza manja awiri, n'kukauyala pamsewu.

Nungu pokutira mtolo anaona ngati wapepuka, koma anati mwina n'kufota. Anakhala pa kaliyala. Tswii!

"Asuweni, dziko likutha. Penanso pa..."

Nungu sanamve zotsalazo. Anatsika, anayenda mpaka pamasambapo, anawerama. Mitsempha yofiirira. Mfundo zodulidwa ndi mpeni wa mchemwali wake. Mbewu imene anaiyendera ulendo wonsewo, imene ankaimwetsa madzi pa mtsinje uliwonse ngati khanda, inali itagona pa fumbi lotentha.

Minga yonse inaima nthawi imodzi, phwaa!

"Iwe Kanyimbi."

Anali asanamutchulepo choncho chiyambire ubwana. Kanyimbi anabwerera m'mbuyo, chipewa chili pachifuwa.

"Iwe Kanyimbi! Chakudya cha ana anga? Tsiku lonse ndakhala ndikulira anthu osafa, ndikukankha njinga yanga yomwe, ndikukuvomera nyimbo ngati chitsiru, ndipo tsopano..."

Koma sanamalize. Pafupi pomwepo panali mudzi weniweni, ndipo nyumba yoyamba inali ya a Njiri, bambo okalamba amene anali akudwala kwa nthawi yaitali. Amayi ena ankachokera ku mjigo. Ataona masamba pamsewu moyang'anizana ndi nyumbayo, anataya ndowa n'kugwira kumutu.

"Mayo! A Njiri atisiya! Mayo, bambo athu!"

Mudzi wonse unakhamukira kumsewu. Ana aamuna a a Njiri anabwera akuthamanga kuchokera kumunda, misozi ili chuchuchu. A Mfuko, mkulu wa adzukulu, anafika khasu lili kale paphewa. Kholowa uja ankapondedwa ndi aliyense, Nungu akukuwa kuti asaponde, koma m'phokosomo ndani akanamva?

Kenako chitseko chinatseguka. Anatuluka a Njiri eniake, ndi ndodo, bulangeti lili pamapewa.

"Amwalirawo ndani?"

Amayi ena anathawa. Ena anagwa pansi.

"Ndikufunsa! Ndani akundithamangitsira kumanda? Ndangomwa phala pompano, ndamaliza mbale yonse, wina akundiyalira masamba? Ndani?"

Kulira kunasanduka mkwiyo. A Mfuko anatola tsamba limodzi, n'kuliyang'ana, n'kuyang'ana mtolo wa pa handulo.

"Mayi, njingayi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bambo."

"Kholowayu ndi wanu?"

"Ndi wanga, koma woyala si..."

"Masamba sagona pamsewu popanda mtembo," anatero a Mfuko. "Mutionetse mtembo. Apo ayi, njingayi igona kuno, inu mugona kuno, ndipo mawa tikakamba kubwalo zoti munthu amalosera bwanji imfa ya mnzake."

Mawa! Nungu anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana mtolo wake. Anatembenuka kuti aloze wolakwa, koma Kanyimbi panalibe. Anamupeza kuseri kwa njinga, m'ngalande, atagona chagada, miyendo m'mwamba, mano pamtunda, thupi lonse lili gwa. Nungu anawerama. Pakona ya kamwa ya mtembowo panatuluka kamawu.

"Asuweni, nenani kuti ndamwalira ine. Munayala masamba chifukwa cha chisoni. Andimanga pa kaliyala, inu mukankha, pamwamba ndidzuka. Tonse tapulumuka. Nzeru zimenezo, asuweni!"

Nungu anamva ngati mutu uphulika. Nzeruzo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Akanena chilungamo, mlandu ukhala wa awiri, njinga igona, mbewu ifa. Akatsata za Kanyimbi, ndiye kuti amukankha pa chitunda chachikulu kuposa zonse, atagona ngati mfumu. Munthu amene anakana kupalasa ali moyo, tsopano afuna kunyamulidwa ali wakufa!

Anaweramuka pang'onopang'ono, n'kugoneka minga yake umodzi umodzi.

"Mtembo ndi uwu, bambo. Msuweni wanga."

Anthu anaunjikana. A Mfuko anagwedeza mwendo wa Kanyimbi, uli gwa. Anakoka mchira, uli gwa. Mwana wamkulu wa a Njiri anati, "Koma diso ili likuoneka ngati likuphethira." Kanyimbi atamva zimenezo anatulutsa kafungo pang'ono, kongotsimikizira. Anthu onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Ndi wakufadi," anatero a Mfuko. "Ndipo ndi dzuwali wayamba kale kuonongeka. Pepani, mayi, tinakuganizirani zoipa. Anadwala chiyani?"

"Chithupsa," anatero Nungu. "Chamuvutitsa ulendo wonse."

A Njiri anafewa. "Pepani, mwana wanga. Anyamata, tengani malegeni, mumumange bwino pa kaliyala, mayiyu apite naye kwawo."

Mchira wa mtembo unagwedezeka pang'ono ndi chimwemwe. Nungu yekha ndiye anaona.

"Pa kaliyala?" anatero Nungu, mawu atakweza. "Msuweni wanga, woyambitsa nyimbo m'kwaya, munthu wachipewa chake, amangidwe ndi malegeni ngati thumba la makala? Ayi, bambo! Munthu ameneyu ankalemekeza maliro kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Lero lokha watsika njinga pa maliro awiri, ndipo ofedwa sanawaone n'komwe. Ndiye ake omwe achitike mwachipongwe? Mumugoneke pa mphasa mwaulemu, amayi amuimbire. Abale ake adzamutenge pa ngolo."

"Mwalankhula mwanzeru," anatero a Mfuko. "Koma uthenga akapereka ndani?"

"Wanjinga pano ndine ndekha."

"Ndiye musachedwe. Ndipo mukawauze kuti ndi mmene fungoli layambira, sitingadikire kwambiri. Ife tiyamba kukumba tsopano lino. Akachedwa adzapeza titasunga."

Diso la mtembo linatseguka, n'kutsekekanso msanga.

Kuyambira pamenepo zonse zinayenda mwa liwiro. Amayi anatola kholowa uja pamsewu, akuti masamba a ndiwo sayenera pamaliro, n'kutuma ana kukathyola a mango kuseri kwa mudzi. Anamusasa fumbi, anamuwaza madzi a ku mjigo, anamubwezera mumtolo. Wina anapatsa Nungu thobwa kuti akhale ndi mphamvu panjira. A Njiri analamula ana awo kuti wonyamula uthenga wa maliro asatope ndi chitunda, amukankhire njinga mpaka pamwamba.

"Ndiloleni nditsanzike," anatero Nungu.

Anagwada pambali pa mphasa. Anatenga chipewa n'kuchiika pachifuwa cha Kanyimbi, n'kupinda manja ake onse awiri pamwamba pake, mmene mwini ankakondera. Kenako anasolola pampu imene inali m'lamba mwa mtembowo.

"Asuweni," ananong'ona mtembo, "musandisiye. Akukumbatu!"

"Akufa salankhula."

"Ndipalasa! Chitunda chonsechi ndipalasa!"

"Manja ako ali ndi chipewa," anatero Nungu, n'kudzuka.

Anafunsa amayi aja ngati akuidziwa nyimbo ya mlendo wolemedwa ndi katundu. Anati sakuidziwa. Nungu anawaphunzitsa, akuti malemu ankaikonda kwambiri. Ulendo uno anayambitsa ndi iyeyo, ndi chifuwa chonse, amayi akuvomera atazungulira mphasa. Anakwera chitunda chija manja ali lendelende, ana a a Njiri akukankha njinga patsogolo, nyimbo ikumutsatira m'mbuyo pamodzi ndi kulira kwa makasu a adzukulu.

Pamwamba anathokoza anyamata aja, anakhala pa chishalo, n'kupondaponda. Njinga inauluka. Sanadziwe kuti njinga yake ndi yopepuka chotero.

Polowa m'mudzi anaima pakhomo pa Kanyimbi, phazi limodzi lili pansi. Mkazi wa Kanyimbi ankapeta mphale.

"Mwabwera nokha, alamu? Nanga anzanu?"

"Ndawasiya kwa a Njiri atagona pa mphasa. Akuti amwalira."

"Akuti ndani?"

"Eniake."

Mkaziyo anaika lichero pansi. Ankawadziwa amuna ake. "Ndiyale masamba?"

"Ayi. Telekani madzi. Akubwera wapansi, miyendo idzafuna kuthowa. Pampu yawo ndi iyi."

Nungu sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Anaitana ana onse kudimba, wina kudula, wina kubzala, wina kuthirira, iye akuthamanga pakati pawo ndi kuwakalipira kuti afulumire. Dzuwa lisanalowe mbewu yonse inali m'dothi.

Za Kanyimbi anazimva patapita masiku kwa ogulitsa makala. Akuti anapirira ndithu, nyimbo yake yomwe ikumulira m'makutu. Anapirira pamene ankamuyeza ndi bango. Koma a Mfuko atabwera kudzanena kuti kumanda zatheka, ndipo palibe chifukwa chodikira mawa, Kanyimbi anatulutsa fungo lonse limene anali nalo m'thupi, n'kudumpha pakati pa amayi, n'kuliyatsa liwiro. Chipewa anachisiya pa mphasa. Ana a a Njiri anamuthamangitsa mpaka kumtsinje, a Njiri ali m'mbuyo ndi ndodo, matenda ataiwala. Chitunda chija anachikwera ndi miyendo yake, mozemba m'tchire, ndipo panalibe womuvomera nyimbo.

Kholowa anaphuka, koma osati yense. Uja anapondedwa pamsewu sanadzuke, ndipo nthumbira za kumapeto kwa dimba zinakhala zambee chaka chonsecho. Nungu sanabzalepo china. Aliyense wobwera kudzamupepesera Kanyimbi, kuti ndi msuweni wanu, munakulira limodzi, zinali zocheza chabe, Nungu ankamugwira dzanja n'kupita naye kumeneko.

"Zocheza zake ndi izi. Mwana wanga uti amene asadye kuti inu museke?"

Wopepesayo ankangotembenuka n'kubwerera kwawo.

N'chifukwa chake mpaka lero Kanyimbi amayenda yekha, wapansi, wopanda chipewa. Mukakumana naye panjira amadziwa kuti mbiri yake munaimva, ndiye amagwa chagada, mano pamtunda, n'kutulutsa fungo lija, kuyembekeza kuti mwina wina amumvera chisoni n'kumuika pa kaliyala. Musamunyamule. Ali moyo ameneyo.

Nthano yafika pamlatho wake womaliza. Tsikani, ndatopa kukupalasani.